Mlonda wa m'Selo: Momwe Akatswiri Amawerengera Khansa ya Ziweto pa Kagalasi

 Lero tikambirana za matenda omwe ambiri timawayesa a anthu okha, chonsecho ziweto zathu nazo zimafa nawo. Ndikunena khansa. Makamaka ndikufuna ndikutengeni tikaone momwe akatswiri a mu labotale amafufuzira chimene chasokonekera m'kati mwa chotupa cha ng'ombe, galu, mphaka kapena bulu, pogwiritsa ntchito utoto ndi tizinthu totchedwa ma antibody.

Tiyambire m'khola. Ng'ombe ya mkaka, ija ya mawanga akuda ndi oyera, yoyera kumaso, imayamba kutuluka misozi diso limodzi. Mwini wake amati ndi ntchentche, mwina udzu wailasa. Pakapita milungu ingapo, m'mphepete mwa chikope kapena pakona pa diso pamamera kanthu kotuwa, kokhakhala. Wina amathirapo madzi a mchere, wina mankhwala a m'maso ogula kugolosale, winanso oilo wakuda wa galimoto. Kanthu kaja kamangokulirakulira. Kamayamba kutuluka magazi, fungo limabwera, mphutsi zimalowa. Kenaka pansi pa khutu pamatupa mwanabele wolimba. Mkaka umachepa, nthiti zimayamba kuwerengeka. Pofika pomwe mlangizi wa ziweto akuitanidwa, chomwe chatsala n'kupha basi, ndipo nthawi zina ngakhale nyama yake woyeza nyama amaikana.

Imeneyo ndi khansa ya m'diso ya ng'ombe. Imakonda ng'ombe zopanda khungu lakuda mozungulira maso, monga za mtundu wa Hereford komanso zina za mtundu wa Friesian, ndipo chimene chimaiyambitsa kwambiri ndi cheza cha dzuwa. Ng'ombe zathu zachikuda, zomwe zambiri zikope zake n'zakuda, sizigwidwa kawirikawiri. Khansa ya mtundu womwewu imadya nsonga za makutu ndi mphuno za amphaka oyera, imagwira mbuzi zoyera m'malo opanda ubweya, ndiponso ndi yomwe imavutitsa abale athu achialubino akakhalitsa padzuwa opanda chipewa ndi mafuta oteteza khungu.

Funso ndi lakuti, dzuwa limaomba ng'ombe zonse tsiku ndi tsiku, nanga bwanji si zonse zimene zimadwala? Yankho lili m'maselo, tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso tomwe timapanga thupi. Selo lililonse lili ndi phata, ndipo m'phatamo mumakhala DNA, momwe mwasungidwa malangizo onse a kakulidwe ndi kagwiridwe ntchito ka selolo. Malangizowa amaonongeka kawirikawiri: dzuwa limawaononga, utsi umawaononga, poizoni wa m'zakudya amawaononga, ngakhale selo lenilenilo limaphonya powakopera likamagawikana. Koma thupi lili ndi mapuloteni omwe ntchito yake ndi kuletsa zotupa, ndipo wamkulu wa onsewa amatchedwa p53.

Ganizirani p53 ngati mlonda. DNA ikaonongeka, iye amaimitsa selo kuti lisagawikane mpaka poonongekapo pakonzedwe. Pakakonzeka, amalilola kupitiriza. Pakakanika, amalilamula kuti lidziphe, kuti lisabereke maselo ena olakwika. Khungu lija limasupuka munthu woyera khungu akapsa ndi dzuwa, mbali ina ndi ntchito ya mlondayu: akuchotsa maselo oonongeka asanasanduke khansa.

Puloteniyi inapezeka mu 1979. David Lane ndi Lionel Crawford anaipeza ku London, pomwe Arnold Levine ndi Daniel Linzer anaipezanso paokha ku Princeton, m'dziko la America. Kwa zaka pafupifupi khumi akatswiri ankakhulupirira kuti p53 ndiye woyambitsa khansa, poti ankamupeza wochuluka m'zotupa. Mu 1989 gulu la Bert Vogelstein ku Baltimore, pofufuza khansa ya m'matumbo, linaonetsa kuti yemwe ankapezeka wochulukayo anali p53 wopunduka, ndipo wabwinobwino ntchito yake ndi kuletsa khansa. Lero zikudziwika kuti pafupifupi theka la khansa zonse za anthu zili ndi p53 woonongeka. Kufunika kwake kumaonekeranso pa njovu. Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2015, wotsogozedwa ndi Joshua Schiffman wa ku Utah, anapeza kuti njovu ya ku Africa ili ndi magawo 20 a malangizo opangira p53, pomwe munthu ali ndi gawo limodzi. Ngakhale thupi lake ndi lalikulu chotero ndipo imakhala zaka zambiri, njovu siifa ndi khansa kawirikawiri.

Tsono mvetserani bwino apa, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. M'selo labwinobwino p53 sakhalitsa. Amapangidwa, ndipo pakangotha mphindi pafupifupi 20 amaphwanyidwa ndi puloteni ina yotchedwa MDM2. N'chifukwa chake ukamufufuza m'mnofu wabwino umangopeza pang'ono, mwina osamuona n'komwe. Koma malangizo ake akasokonekera, p53 yemwe amapangidwa amakhala wopindika. Ntchito sagwira, kuphwanyidwa saphwanyidwa, amangounjikana m'phata la selo. Choncho katswiri akaona alonda adzadza tho m'chotupa, sasangalala. Amadziwa kuti ambiri mwa iwo ndi ogona.

(Nyimbo pang'ono)

Mwatipeza tikukamba za khansa ya ziweto ndi momwe akatswiri amaonera puloteni ya p53 m'chotupa. Tsopano tilowe mu labotale.

Chida chachikulu pa ntchitoyi ndi antibody. Awa ndi mapuloteni omwe chitetezo cha m'thupi chimapanga chikakumana ndi chinthu chachilendo, ndipo antibody aliyense amagwira chinthu chimodzi chokha chomwe anapangidwira. Ambiri mwa inu munagwiritsapo kale ntchito ma antibody osadziwa. Kachipangizo kaja koyezera malungo kuchipatala, komwe amadonthezerapo magazi a pachala n'kudikira mizere iwiri, m'kati mwake muli ma antibody ogwira puloteni ya kachilombo ka malungo. Nzeru yomanga utoto ku antibody kuti aonetse pomwe chinthu chabisala m'mnofu inayamba ndi Albert Coons wa ku Harvard mu 1941. Mu 1975 Georges Köhler ndi César Milstein ku Cambridge anapeza njira yopangira ma antibody ofanana ndendende, ochuluka momwe ungafunire, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1984. Ma antibody ogwira p53 amapangidwa pobaya akalulu kapena mbewa za mu labotale ndi puloteniyo.

Kachidutswa ka chotupa kakafika, kamakhala kali m'botolo la mankhwala a formalin, omwe amaumitsa mnofu kuti usawole. Amakachotsa madzi pokaviika mu spiriti wa mphamvu zosiyanasiyana, kenaka amakamiza mu phula losungunuka, longa la kandulo. Phula likauma, amaika pa makina okhala ndi mpeni wakuthwa koopsa n'kumasenda timagawo topyapyala kwambiri, mwakuti timagawo 250 titasanjikizana tingakwane milimita imodzi yokha. Kagawo kamodzi amakayandamitsa pa madzi ofunda kuti makwinya awongoke, n'kukawola ndi kagalasi.

Apa ndi pomwe pamafunika luso. Formalin uja poumitsa mnofu amamanganso mapuloteni, n'kubisa malo omwe antibody amayenera kugwira. Kwa zaka zambiri vutoli linkalepheretsa ntchito, kufikira mu 1991 pomwe Shan-Rong Shi ndi anzake ku America anaonetsa kuti ukawiritsa kagalasiko m'madzi a mankhwala, malo obisika aja amatseguka. Mpaka lero ma labotale ena amagwiritsa ntchito microwave kapena poto wa pressure cooker, zomwe zija za kukhitchini. Kagalasi kakazizira, amadonthezerapo antibody woyamba, wofunafuna p53, n'kumusiya ola limodzi kapena usiku wonse mu fuliji. Amatsuka. Amadonthezerapo antibody wachiwiri, yemwe amagwira woyamba uja, ndipo iye amakhala atanyamula enzyme yochokera ku muzu wa chomera chotchedwa horseradish. Amatsukanso. Pomaliza amathira mankhwala otchedwa DAB, omwe pothira amakhala ngati alibe mtundu, koma akakumana ndi enzyme ija amasanduka a bulauni pomwepo. Amawonjezera utoto wa buluu kuti maselo ena onse aoneke.

Katswiri akayang'ana pa maikulosikopu, amaona khungu labwino la m'mphepete lili ndi maphata a buluu, ondondozana bwinobwino. Akasuntha kagalasi pang'ono n'kufika pa chotupa, maselo ndi osalongosoka, ena aakulu ena aang'ono, akuboola kulowa pansi, ndipo maphata ake ndi a bulauni wakuda bii. Amawerenga maselo mazanamazana, n'kulemba kuti mwa maselo 100 aliwonse ndi angati omwe agwira utoto, komanso utotowo wagwira mwamphamvu bwanji.

Njirayi itakhazikika pa anthu, madokotala a ziweto anafunsa ngati zili chimodzimodzi kwa nyama. Mu 1996 akatswiri awiri a ku Germany, Teifke ndi Löhr, anaiyesa pa khansa ya pakhungu ya ng'ombe, akavalo, amphaka ndi agalu, ndipo anapeza p53 wounjikana m'zotupa zambiri. Pa nthawi yomweyo ku Ohio State University anamupeza mu khansa ya m'mafupa ya agalu, makamaka ya m'miyendo. Kuyambira pamenepo wafufuzidwa mu zotupa za m'mawere a agalu ndi amphaka, mu khansa ya m'anabele, ndi zina zambiri. Zimenezi zinatsimikiza kuti mlonda yemwe amateteza munthu ndi yemweyonso amateteza ng'ombe ndi galu, ndipo akagwa, zotsatira zake zimafanana. Phindu lake limapita mbali zonse ziwiri. Khansa ya m'mafupa imapezeka kwambiri mwa agalu akuluakulu kusiyana ndi mwa anthu, ndipo imafanana kwambiri ndi yomwe imagwira achinyamata, motero zomwe akatswiri amaphunzira pa galu zimathandiza pofufuza chithandizo cha mwana wa munthu.

Koma ndikanena kuti bulauni ndiye yankho lonse, ndakunamizani. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi wopupuluma amagwa m'misampha ingapo.

Msampha woyamba ndi wakuti ma antibody ambiri ogulitsidwa anapangidwira p53 wa munthu. Wa galu, wa mphaka ndi wa ng'ombe amafanana naye kwambiri, koma sali ndendende. Pali ma antibody omwe pa munthu amagwira bwino zedi, koma pa galu sagwira n'komwe. Mu 2007 akatswiri a ku Zurich anachita kupanga p53 wa galu mu labotale n'kuyesa ma antibody angapo, ndipo anapeza kuti ena okha ndi omwe amamuzindikira. Tsono munthu akhoza kulemba kuti chotupa ichi chilibe p53 wopunduka, chonsecho vuto ndi chida chake. N'chifukwa chake labotale yodalirika imayesa timagalasi titatu nthawi imodzi: ka chotupa chomwe akufufuza, kena komwe akudziwa kale kuti kamagwira utoto, ndi kena komwe sanathirepo antibody woyamba. Kachiwiri kakapanda kugwira utoto, kapena kachitatu kakagwira utoto, zonse zatayika, ayambirenso.

Msampha wachiwiri ndi wakuti si bulauni aliyense amatanthauza kuti mlonda wapunduka. Selo labwinobwino likangopsa kumene ndi dzuwa limachulukitsa p53 wabwino kuti agwire ntchito, ndipo nayenso amagwira utoto, ngakhale kawirikawiri mwa apo ndi apo komanso mosalimba. Mbali inayo, kusowa kwa bulauni sikutanthauza kuti zinthu zili bwino. Nthawi zina malangizo aja amaonongekeratu mwakuti p53 sapangidwa n'komwe. Nthawi zina amapangidwa koma wina amamupha. Izi n'zomwe kachilombo ka HPV kamachita pa khomo la chiberekero la amayi: kali ndi puloteni yotchedwa E6 yomwe imaphwanyitsa p53. N'chifukwa chake katemera wa HPV, yemwe Malawi inayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu 2019, ali wofunika chotero. Kuti munthu atsimikize zenizeni, amayenera kuwerenga DNA yeniyeniyo, ndipo imeneyo ndi ntchito ina, yodula kwambiri.

Msampha wachitatu ukutifika pakhomo, chifukwa ukukhudza matenda omwe mlimi aliyense wa ng'ombe m'chigawo chapakati ndi chakumpoto amawadziwa: chigodola, East Coast fever, chobwera ndi nkhupakupa. Kachilombo kake, ka mtundu wa Theileria, kakalowa m'maselo oyera a m'magazi a ng'ombe kamawachititsa kugawikana mosalekeza, monga momwe maselo a khansa amachitira. N'chifukwa chake anabele amatupa. Nanga mlonda amakhala ali kuti? Kafukufuku yemwe anatuluka mu 2010 anagwiritsa ntchito ma antibody pa maselo ogwidwa ndi Theileria, ndipo anaona kuti p53 alipo, koma wamatirira pa thupi la kachilomboko, kunja kwa phata la selo, komwe sangagwire ntchito. Kachilomboko kakaphedwa ndi mankhwala a buparvaquone, p53 amabwerera m'phata ndipo maselo aja amafa. Mwaona tsono kuti kuwerenga kuchuluka kwa utoto sikukwanira. Pamafunikanso kuona pomwe utotowo wakhala. Ndipo katemera wa chigodolachi amapangidwa konkuno ku Lilongwe, ku Centre for Ticks and Tick-Borne Diseases.

(Nyimbo pang'ono)

Wina pamene ali apo akuti, zonsezi ndi za anzathu a kunja okhala ndi ndalama, ife galu wa kumudzi tikamuyeze puloteni? Funsolo ndi lomveka, ndipo ndiliyankha mosabisa. Kuyeza p53 sikuchiza chiweto. Zotupa zambiri katswiri amazizindikira ndi utoto wamba, wotchipa, popanda antibody aliyense. Ma antibody ndi odula, amafuna fuliji yosazima, ndipo amatha mphamvu. Sindikunena kuti mbuzi iliyonse yotupa iyezedwe motere.

Chomwe ndikunena ndi ichi. Dziko lomwe likulimbikitsa alimi a ku Thyolo, Chiradzulu, Mulanje, Dedza ndi Mzimba kuweta ng'ombe za mkaka za mitundu ya kunja, pansi pa dzuwa la kuno, liyenera kudziwa matenda omwe ng'ombezo zikufa nawo, ndipo kudziwako kuchokere pa magalasi athu omwe. Poyambira tili napo. Ku Bunda, pansi pa LUANAR, tsopano akuphunzitsa madokotala a ziweto konkuno kwathu. Ku Bwemba kuli labotale yaikulu ya boma yoona za matenda a ziweto. Pa chipatala cha Kamuzu Central, labotale yoyeza minofu ya anthu inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, ndipo imagwiritsa ntchito ma antibody pozindikira mitundu ya khansa. Anzathu ku Lusaka ali ndi sukulu ya madokotala a ziweto ya Samora Machel, ndipo ku Onderstepoort, kufupi ndi Pretoria, kuli akatswiri odziwika pa dziko lonse. Makina osendera ndi amodzi, phula ndi limodzi, utoto ndi umodzi. Chofunika ndi chakuti a zaumoyo wa anthu ndi a zaumoyo wa ziweto azigwirira ntchito pamodzi, ndipo tizidutswa ta zotupa tizisungidwa bwino. Mnofu womwe waikidwa bwino mu phula umatha kuyezedwa ngakhale patapita zaka zambiri.

Ndipo apa ndi pomwe inu alangizi a ziweto m'madera mumafunikira kuposa katswiri wa mu labotale, chifukwa kachidutswa kakaonongeka pa tsiku loyamba, palibe antibody yemwe angakakonze. Dulani kachidutswa kosanenepa kuposa sentimita imodzi, ndipo katengeko mbali ya chotupa ndi mbali ya mnofu wabwino. Pewani pakati powola. Kaponyeni mu formalin wa 10 peresenti nthawi yomweyo, mankhwala achuluke kakhumi kuposa mnofuwo. Musakaumitse mu fiiza, pakuti madzi oundana amang'amba maselo. Katumizeni msanga, chifukwa kakakhala mu formalin milungu yambiri mapuloteni amamangika kwambiri ndipo utoto umavuta kugwira. Pa botolo lembani mtundu wa chiweto, zaka zake, mtundu wa khungu, malo omwe chotupa chinali ndi nthawi yomwe chakhalapo. Formalin ndi poizoni: valani magolovesi, musamununkhize, ndipo asayandikire ana.

Inu alimi anzanga, gawo lanu ndi lalikulu koposa. Mukamakama m'mawa, yang'anani maso a ng'ombe yanu. Kanthu kotuwa pa chikope kakakhala kakang'ono, dokotala amatha kukadula kapena kukaumitsa ndi mankhwala ozizira kwambiri, ng'ombe n'kuchira. Ngakhale chitakula, kuchotsa diso lonse kumapulumutsa ng'ombe ngati matenda sanafike m'anabele, ndipo ng'ombe ya diso limodzi imadya, imabereka, imakamidwa bwinobwino. Khola likhale ndi denga ndi mthunzi wa mitengo. Posankha ng'ombe yoti muwete, kondani ya zikope zakuda. Mphaka woyera asagone padzuwa la masana. Galu wamkazi yemwe simukufuna kuti abereke, kamutseketseni akadali wamng'ono, chifukwa kutero kumachepetsa zotupa za m'mawere, zomwe mwa agalu pafupifupi theka zimakhala khansa, ndipo mwa amphaka zambiri zimakhala zoopsa.

Chinanso ndi chuku. Chimanga chowola, madeya onyowa ndi mtedza wachuku timakonda kutayira nkhumba, nkhuku ndi agalu. M'chukumo mumakhala poizoni wa aflatoxin, yemwe anadziwika nkhukundembo zoposa 100,000 zitafa ku England mu 1960 chifukwa cha chakudya cha mtedza woonongeka. Poizoniyu amaononga chiwindi cha ziweto, ndipo wina amatsikira mu mkaka womwe ana athu amamwa. Mu 1991 akatswiri anapeza kuti mwa ena mwa odwala khansa ya chiwindi a kuno kummwera kwa Africa, kuphatikizapo a ku Mozambique, komanso a ku China, malangizo a p53 anali oonongeka pamalo amodzimodzi, ndipo kuonongekako kumayenderana ndi aflatoxin. Chomwe simungadye inu, musapatse chiweto.

Chotupa pa chiweto si chinthu chongoganizira, kapena chodikira kuti tione mwezi wamawa. Chili ndi dzina, chili ndi choyambitsa, ndipo pali anthu omwe anaphunzira kuchiwerenga. Koma iwo amawerenga chomwe mwawabweretsera, pa nthawi yomwe mwabweretsa. Mukaona chilonda chosapola, chotupa chomwe chikukula, kapena diso lomwe likungotuluka misozi kupitirira milungu iwiri, itanani mlangizi wa ziweto sabata yomweyo, ndipo akachotsa chotupacho mufunseni ngati kachidutswa katumizidwe kukayezedwa.